Samu Imodzi, Malikisi Osiyana: Chilungamo pa Kachongedwe ka Mayeso a Masamu a Ana

Teremu ikatha, ana amafika kunyumba mapepala a mayeso atawapinda m'thumba la yunifolomu, ndipo nkhani zimayambira pomwepo. Mayi wina wa m'dera lathu anandionetsa pepala la mwana wawo wa Sitandade 6 atalifanizira ndi la mnzake wa kalasi ina pasukulu yomweyo. Funso linali limodzimodzi, ana onse awiri analiphonya, koma mnzakeyo anapatsidwa malikisi 2 pa 3 pamene wawoyo anapatsidwa 0. Mayiwo anandifunsa kuti, "Achimwene, masamu si masamu kodi? Ngati onse alakwa, winayu malikisi wawatenga kuti?"

Funso limeneli ndi lomveka, chifukwa ambiri tinakula tikudziwa kuti pa masamu palibe zokambirana. Chimangirizo cha Chichewa aphunzitsi angasiyane nacho maganizo, koma 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 kulikonse. Komabe kuchonga masamu kuli ndi zosankha zambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo chilungamo chimapezeka kapena kutayika m'zosankha zimenezo.

## Kuchonga ndi kuyeza

Aliyense amene anagulitsapo soya kapena mtedza kwa mavenda amadziwa kuti sikelo imatha kulakwa m'njira ziwiri. Ina imasinthasintha: thumba lomwelo likulemera makilogalamu 50 m'mawa, masana 47. Ina siisintha, koma ikuyeza zosayenera, monga mtedza pamodzi ndi mchenga umene uli pansi pa thumba.

Mayeso nawonso ndi sikelo, ndipo akatswiri a za mayeso ali ndi mawu awiri a Chingerezi a mavuto awiriwa. Reliability ndi kusasinthasintha: pepala lomwelo likachongedwa ndi mphunzitsi wina, kapena ndi mphunzitsi yemweyo tsiku lina, malikisi atuluke omwewo. Validity ndi kuyeza choyenera: malikisi a masamu azisonyeza masamu amene mwana akudziwa, osati kukongola kwa chilembo chake, Chingerezi chake kapena khalidwe lake m'kalasi. Madandaulo ambiri a makolo amakhala pa chimodzi mwa ziwirizi, ngakhale sazitchula motero.

## Ana atatu ndi samu imodzi

Titenge samu iyi: 47 kuchulukitsa ndi 23. Yankho lake ndi 1,081. Mwana amayamba ndi 47 kuchulukitsa ndi 3, n'kupeza 141. Kenako 47 kuchulukitsa ndi 20, n'kupeza 940. Akaphatikiza ziwirizi amapeza 1,081.

Mwana woyamba walemba 141, walemba 940 pamalo pake, koma pophatikiza dzanja laterera, walemba 1,071. Mwana wachiwiri walemba 141, pansi pake walemba 94, waphatikiza n'kupeza 235. Mwana wachitatu walemba 1,081 basi, popanda china chilichonse.

Ngati tikuyang'ana yankho lokha, woyamba ndi wachiwiri onse apeza 0. Koma ana awiriwa sali pamalo amodzi. Woyambayo kuchulukitsa akukudziwa, wangophonya pothera. Wachiwiriyo ali ndi vuto lozama: sakuona kuti 2 wa mu 23 akuimira makumi awiri, ndiye amuchulukitsa ngati 2 wamba. Ameneyu akufunika kubwerera ku phunziro la malo a manambala, mwina ndi mitolo ya timitengo ija ya m'makalasi oyambirira. Kuwapatsa onse 0 kumabisa kusiyana kumeneku kwa mphunzitsi, kwa kholo ndi kwa mwana mwiniwake.

N'chifukwa chake ochonga amakhala ndi pepala lowatsogolera limene aphunzitsi amalitchula kuti marking scheme, kutanthauza ndondomeko yosonyeza mayankho ndi kagawidwe ka malikisi pa funso lililonse. M'ndondomeko za mabungwe a mayeso a ku Britain, monga Cambridge, mumapezeka zilembo zitatu zimene aphunzitsi ambiri a masamu amazidziwa. M ndi malikisi a njira: mwana wasonyeza kuti akudziwa chochita. A ndi malikisi a kulondola kwa yankho, ndipo kawirikawiri saperekedwa ngati njira sinali yolondola. B ndi malikisi oima paokha, osadalira njira. Pa samu yathuyi, ndondomeko ikhoza kupereka malikisi amodzi pa 141, ena amodzi pa 940, ndi otsiriza pa 1,081. Zikatero woyamba apeza 2, wachiwiri 1. Apa ndi pamene panasiyanira mapepala a mayi aja: mphunzitsi wina ankachonga njira, winayo ankachonga yankho lokha. Palibe amene anakondera mwana, koma sukulu imodzi inali ndi masikelo awiri.

Nanga wachitatu uja? Apa aphunzitsi enieni amasiyana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Ena amati yankho lolondola ndi umboni wokwanira, ndipo pali ana amene amawerengera m'mutu mwachangu chifukwa anazolowera kubweza chenje pa golosale ya makolo awo. Kumuchotsera malikisi mwana wotere kuli ngati kumulanga chifukwa cha luso lake. Ena amati m'kalasi momwe ana anayi akhala pa desiki imodzi, kapena pansi mapewa atagundana, yankho lopanda njira likhoza kukhala loonera kwa mnzake, komanso kulemba njira ndi luso limene mwana adzalifune akadzafika pa masamu a ku sekondale. Chimene mbali zonse zimavomereza n'chakuti lamulolo lidziwike mayeso asanayambe. Ngati pepala linanena kuti sonyezani njira, mwana wachitatu sangadandaule. Ngati silinanene, kumuchotsera ndi kusintha malamulo mpira uli mkati.

Palinso mwana wachinayi amene ndimamumvera chisoni kwambiri: amene wapeza 1,081 ndi njira yake, monga 50 kuchulukitsa ndi 23 n'kuchotsera 69. Njirayi ndi yolondola ndithu, ndipo ikusonyeza mwana amene manambala amawamvetsa. Ndondomeko yabwino imanena kuti njira ina iliyonse yolondola ilandiridwe. Wochonga akangotsatira njira imene anaphunzitsa pa bolodi, mwana wotereyu amaphunzira kuti kuganiza payekha n'koopsa.

## Cholakwa chimodzi chisalipidwe kawiri

Mafunso ambiri a masamu amakhala olumikizana, gawo lachiwiri kudalira yankho la gawo loyamba. Tinene kuti dimba ndi lotalika mamita 12, m'lifupi mamita 8. Gawo loyamba likufuna kukula kwa dimbalo, kumene ndi 96. Gawo lachiwiri likuti dimbalo ligawidwe mofanana pakati pa anthu awiri, ndipo yankho ndi 48. Mwana waphonya pa tebulo la 12 n'kulemba 86, kenako wagawa 86 ndi 2 bwinobwino n'kupeza 43.

Kodi 43 ndi wolakwa? Poyerekeza ndi 48, inde. Koma gawo lachiwiri limafuna kuona ngati mwana akudziwa kuti apa pafunika kugawa, ndipo wagawadi molondola. Ochonga ali ndi lamulo lotchedwa follow through, kutanthauza kumutsatira mwana ndi nambala yake yolakwikayo n'kuona ngati zotsatirazo wazichita bwino. Amataya malikisi pa gawo loyamba pamene analakwitsa, koma achiwiriwo amawapeza. Popanda lamuloli, kuterera kumodzi koyambirira kumatha kugwetsa funso lonse la malikisi 6 kapena 8, pamene mnzake amene analakwitsa chimodzimodzi koma kumapeto angotaya amodzi. Kulakwa n'kofanana, chasiyana ndi malo okha.

Lamuloli lili ndi malire. Ngati cholakwa choyambacho chapeputsa funso mpaka ntchito yeniyeni yatha, ochonga ambiri saperekanso malikisi onse.

## Pamene aphunzitsi oposa 100 anachonga pepala limodzi

Nkhani yakuti masamu amachongeka mofanana paliponse inayesedwa kalekale. Mu 1913, Daniel Starch ndi Edward Elliott a ku University of Wisconsin ku America anatenga pepala limodzi la wophunzira wa sekondale la geometry, masamu a mizere ndi makona aja, n'kulitumiza ku masukulu ambiri kuti aphunzitsi a masamu alichonge pa 100. Mu 1912 anali atachita zomwezo ndi mapepala a Chingerezi, ndipo anthu anati kusiyana kumene anapezako n'kosadabwitsa chifukwa chilankhulo chimadalira maganizo a wochonga. Pa masamu zinafika poipa kuposa pamenepo. Mwa aphunzitsi oposa 100 amene anachonga, wina anapereka 28, wina anapereka malikisi oposa 90. Pepala linali lomwelo.

Aphunzitsiwo masamu ankawadziwa. Chimene anasiyana ndi zimene tafotokoza kale: ena anapereka malikisi pa njira, ena pa yankho lathunthu lokha, ena anachotsera chifukwa cha kalembedwe kosasamala.

Mabungwe a mayeso masiku ano amalimbana ndi vutoli asanayambe kuchonga. Ochonga amakumana, n'kukambirana ndondomeko funso ndi funso, onse n'kuchonga mapepala ochepa ofanana kuti aone pamene akusiyana. Ntchito ili mkati, wamkulu wa gulu amatenga mapepala ena ochongedwa kale n'kuwaonanso. Kuno kwathu ntchito ya mayeso a boma ili m'manja mwa bungwe la MANEB, limene likulu lake lili ku Zomba ndipo linakhazikitsidwa mu 1987. Koma mayeso a MANEB mwana wa pulayimale amakumana nawo kamodzi, kumapeto kwa Sitandade 8. Zaka zonse za m'mbuyo, amene amanena ngati mwana apite kalasi ya patsogolo kapena abwereze ndi mayeso a pasukulu, ochongedwa ndi mphunzitsi mmodzi, nthawi zambiri popanda wina woonanso. Ine ndimaona kuti nkhani ya chilungamo ndi yaikulu kwambiri pamenepa kuposa pa mayeso a boma, chifukwa mwana amene wauzidwa kuyambira Sitandade 3 kuti masamu sawatha amafika ku Sitandade 8 atawataya kale mumtima.

## Dzina lili pamwamba pa pepala

Mphunzitsi wa m'kalasi amawadziwa ana ake, ndipo zimenezi n'zabwino pophunzitsa. Pochonga zimatha kusokoneza popanda iye kufuna. Akaona nambala yosaoneka bwino, kuti kaya ndi 1 kaya ndi 7, pa pepala la mwana amene amakhoza nthawi zonse maso amaona yolondola. Pa pepala la mwana wolongolola wa kumbuyo uja, maso omwewo amaona yolakwika.

Akatswiri anafufuza zimenezi. Ku India, Rema Hanna ndi Leigh Linden anapereka mapepala a ana kwa aphunzitsi atamata pachikuto mbiri za ana zosankhidwa mwamaere, kotero kuti mbiriyo sinkagwirizana ndi mwini pepala. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2012, zinasonyeza kuti mapepala olembedwa kuti ndi a ana a magulu onyozeka m'dongosolo la mitundu la kumeneko ankapatsidwa malikisi otsikirapo. Kusiyanako kunali kochepa, ndipo kunkaoneka kwambiri pa mapepala amene mphunzitsi anayambira kuchonga, asanazolowere mayesowo. Ku Israel, Victor Lavy ndi Edith Sand anafanizira malikisi amene ana a pulayimale a ku Tel Aviv ankapatsidwa ndi aphunzitsi awo ndi amene ankapeza pa mayeso ochongedwa ndi anthu osawadziwa. Anapeza kuti atsikana amene anaphunzitsidwa ndi aphunzitsi okondera anyamata pa masamu sankasankha kwambiri masamu apamwamba atafika ku sekondale poyerekeza ndi atsikana anzawo. Malikisi ochepa chabe amene mwana wamanidwa ali wamng'ono amatha kumuuza kuti phunziro ili si lake.

Mankhwala ake ndi osavuta kumva: wochonga asadziwe mwini pepala. Pa mayeso akuluakulu, nambala ya mayeso ndi ochonga ochokera kutali zimathandiza zimenezi. M'kalasi, mphunzitsi amatha kupinda pamene pali dzina, kapena kusinthana mapepala ndi mnzake wa kalasi ina. Chilembo cha ana ake amachidziwabe, n'zoona, koma kusinthana kumathetsa ngakhale zimenezo.

## Wayesedwa masamu kapena Chingerezi?

Apa ndi pamene mchenga uja umalowera m'thumba. Mwana wa ku Malawi kuno masamu oyambirira amawamva m'Chichewa kapena m'chilankhulo cha kwawo: kuphatikiza, kuchotsera, kubwereka, kusunga. Akamakwera, mabuku ndi mayeso zimakhala m'Chingerezi. Kwa mwana wa ku Karonga, Mangochi kapena Nsanje amene kunyumba amalankhula Chinkhonde, Chiyao kapena Chisena, Chingerezicho chimatha kukhala chilankhulo chachitatu.

Ndiye taonani mawu a m'mafunso a masamu. Difference m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku ndi kusiyana, koma pa masamu akutanthauza kuti uchotsere. Product ndi katundu wopangidwa, koma pa masamu ndi yankho la kuchulukitsa. Left ndi kumanzere, komanso ndi zotsala. Mwana amene angakuuzeni mosachedwa kuti mukagula tomato wa K350 ndi K500 chenje ndi K150 akhoza kusiya funso lomwelo osayankha chifukwa liwu limodzi lamutsekereza. Pepala lidzasonyeza 0 pa masamu, pamene chimene walephera ndi chiganizo.

Pa nkhaniyinso pali mbali ziwiri. Ena amati mawu a masamu ndi gawo la masamuwo, ndipo popeza maphunziro a patsogolo onse ali m'Chingerezi, kumupeputsira mwana lero ndi kumuchedwetsa. Ena amati mawu enieni a masamu aphunzitsidwe ndithu, koma chiganizo chonse chikhale chachifupi ndi chomveka, ndipo nkhani ya m'funso ikhale yoti mwana wa kumudzi ndi wa m'tauni onse aidziwe. Funso la masiteshoni a sitima ya pansi pa nthaka likuyesa zambiri kuposa kugawa.

Mfundo yomweyi ndi imene imachititsa kuti mwana wosaona alembe pa pepala la braille, woona movutikira apatsidwe la zilembo zikuluzikulu, ndipo ena awonjezeredwe nthawi. Masamu ake ndi omwewo. Chachotsedwa ndi chotchinga chimene sichinali gawo la mayeso.

Chilembo choipa, kufufuta kwambiri ndi kuiwala kulemba tsiku zili m'gulu lomweli. Ngati nambala ikuwerengeka, ndi yolondola kapena yolakwika. Mayunitsi okha, monga mamita kapena makilogalamu, ndi gawo la yankho, ngakhale ndondomeko zambiri zimachepetsa chilango chake kuti mwana asataye malikisi pa funso lililonse chifukwa cha kuiwala kumodzimodzi.

## Mphunzitsi mmodzi, mapepala 100

Zonsezi n'zosavuta kulemba, koma tiyeni tiwerengere ntchito yake. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo kalasi ya ana 100 kapena kuposerapo si yachilendo, makamaka m'makalasi oyambirira. Pepala la mafunso 20 kwa ana 100 ndi mayankho 2,000. Mphunzitsi akamatha mphindi zitatu pa pepala lililonse, ndiye maola asanu osapuma, phunziro limodzi lokha, pamene maphunziro ena akudikira ndipo masukulu lipoti akufunika tsiku lotsekera. Amene amachonga yankho lokha nthawi zambiri si waulesi. Nthawi ndi imene yamuchepera.

Kutopa nakonso kumasintha sikelo. Pepala la 90 silionedwa ndi maso amene anaona pepala loyamba, ndipo pepala lapakatikati likabwera pambuyo pa labwino kwambiri limaoneka loipa kuposa mmene lilili. Aphunzitsi ena amachepetsa vutoli pochonga funso limodzi pa mapepala onse asanapite pa lachiwiri, kuti mlingo wa funsolo ukhale m'mutu. Ena akamaliza amabwerera ku mapepala asanu oyambirira kuti aone ngati akadawapatsabe malikisi omwewo.

Mafunso osankha yankho pa A, B, C ndi D amathetsa vuto la kusinthasintha, chifukwa aliyense amawachonga mofanana komanso mwachangu. Koma njira ya mwana siioneka, ndipo amene sakudziwa kanthu ali ndi mwayi umodzi pa inayi wolasa mwangozi. Mwana woyamba uja wa 1,071 ndi wachiwiri wa 235 amabwereranso pa 0 onse. N'chifukwa chake mapepala ambiri amasakaniza mitundu iwiriyi ya mafunso.

## Kukhoza ndi kusankhidwa si chinthu chimodzi

Malikisi akaperekedwa, pamatsala funso lakuti akutanthauza chiyani. Njira ina imafanizira mwana ndi mlingo woikika: kodi akutha kugawa manambala a madijiti atatu? Ngati onse akutha, onse akhoza. Njira ina imafanizira mwana ndi anzake, ndipo ndi imene imabala nambala wani ndi wotsiriza amene amalengezedwa potsekera sukulu. Mwana wa nambala 40 m'kalasi ya ana akhama akhoza kudziwa masamu kuposa nambala 3 wa kwina, kotero nambala yokha siuza kholo zimene mwana akudziwa.

Mayeso a Sitandade 8 amagwira ntchito ziwiri zonsezi. Amanena ngati mwana wakhoza, komanso ndi amene amagwiritsidwa ntchito posankha opita ku sekondale za boma, kuyambira zogonera mpaka zoyendera za m'madera. Popeza malo ndi ochepa kuyerekeza ndi okhoza, ana ambiri amakhala atathinana pafupi ndi malire, ndipo malikisi awiri a njira aja amatha kusiyanitsa amene dzina lake latuluka ndi amene latsala.

## Pepala likafika kunyumba

Kholo limene likukayikira lili ndi poyambira. Choyamba ndi kuphatikizanso malikisi, chifukwa wochonga wotopa amatha kuphonya pophatikiza kapena kudumpha tsamba, ndipo cholakwa chotere chimakonzeka popanda mkangano. Kenako ndi kumupempha mwana kuti afotokoze mmene anachitira samu imene waphonya. Pamenepo mudzamva ngati dzanja linaterera, ngati liwu la Chingerezi linamusokoneza, kapena ngati njira yeniyeniyo sakuidziwa.

Mukapita kusukulu, funso limene limatsegula kukambirana ndi lakuti, "Aphunzitsi, funso ili malikisi ake mumawagawa bwanji?" Mphunzitsi amene ali ndi ndondomeko adzakuonetsani, ndipo mwina mudzapeza kuti mwana wanu anachongedwa bwino. Ngati makalasi awiri a sitandade imodzi analemba pepala limodzi koma anachongedwa mosiyana, imeneyo ndi nkhani ya a hedi, chifukwa ndi iwo angakhazike aphunzitsi awiriwo pamodzi kuti agwirizane ndondomeko imodzi mayeso otsatira asanalembedwe. Ndi zimene ndinawauza mayi aja, ndipo ndinawapempha kuti popita atenge mapepala onse awiri, la mwana wawo ndi la mnzake lija.